Nkhope ya wolamula pa khobidi: kuchokera ku Roma mpaka pa Chinakanaka

Pamsika wa Chinakanaka, m'mbali mwa msewu waukulu wolowera ku Mulanje boma, ndalama yachitsulo inasiya kale kugwira ntchito. Mayi wa nthochi sailandira, wakabaza saiyang'ana n'komwe, ndipo mwana akaitola pansi amangoigubuduza pang'ono n'kuisiya pomwepo. Mitengo ya zinthu ikuyambira m'mahandiredi. Ukagula tomato n'kutsala kandalama kochepa, umangomva kuti, "Achimwene, chenji palibe, ndingokuikirani basera," nkhani n'kuthera pomwepo.

Komatu makobidi sanathe m'midzi yathu. Ali m'tizitini takale pansi pa masutikesi a anganga, pamodzi ndi makadi a ubatizo ndi zithunzi zofwifwa. Mwa onsewo, limene limakopa maso msanga ndi peni ya bowo pakati. Ndi yamkuwa, yoderako chifukwa cha zaka ndi thukuta la manja. Mukaipendeketsa padzuwa muona njovu ziwiri zitaimirira ndi miyendo yakumbuyo, ina uku ina uku, bowo lili pakati pawo, ndipo pamwamba pali chisoti chachifumu. M'mphepete mwazungulira dzina la Mfumukazi Elizabeth yachiwiri. Kuseri kwake kuli dzina la dziko limene kulibenso, Rhodesia and Nyasaland, ndi chaka chapakati pa 1955 ndi 1963. Kamng'ono kake, hafu peni, kali ndi anyamalikiti m'malo mwa njovu. Bowolo linkathandiza: munthu wopanda thumba ankatunga makobidi ake pachingwe n'kumanga m'chiuno.

Nkhope ya mfumukaziyo inali pa ndalama zokulirapo, kuyambira pa tiki, sikisi ndi sheleni kupita m'mwamba. Aliyense amene ali nayo imodzi aione bwino. Mayiyo wayang'ana chammbali, ndipo kumutu kwake sikuli chisoti chagolide ayi. Wavala nkhata ya masamba yomangidwa ndi kansalu kumbuyo. Nkhata imeneyo si ya ku England. Ndi ya ku Roma, imene ankavala akazembe opambana nkhondo, kenako mafumu. Kayang'anidwe ka chammbaliko n'kochokeranso komweko, chimodzimodzi dzina lozungulira m'mphepete ndi uthenga wa kuseri. Ngakhale kachilembo ka "d" kamene amwenye ankalemba pamitengo m'masitolo, monga 2s 6d, kankaimira denarius, ndalama ya Aroma. Choncho wothyola tiyi wa ku Mulanje polandira malipiro ake ankafumbata mwambo wa zaka pafupifupi 2,000, iye osadziwa.

Mkuwa wa anthu wamba

Ndalama zoyamba za Aroma zinali zamkuwa, ndipo zinali zolemera zedi. Cha m'ma 280 Khristu asanabadwe, khobidi lotchedwa as linkalemera magalamu oposa 300. Sankalidinda, ankathira mkuwa wosungunula m'chikombole. Patapita nthawi linachepa, ndipo linakhazikika ndi chithunzi cha Janus, mulungu wa nkhope ziwiri, kuseri kwake kuli mphuno ya chombo chankhondo. Ana a ku Roma akamaponya khobidi m'mwamba pochita maere ankafunsana kuti mutu kapena chombo, ndipo mawuwo anapitirira ngakhale chombocho chitachoka kale pa ndalama.

Kwa zaka mazana ambiri panalibe Mroma wamoyo amene nkhope yake inaikidwa pa ndalama za mumzindawo. Pankakhala milungu ndi makolo omwalira. Aroma ankadana ndi dzina loti mfumu, ndipo ankadziwa kuti kuika mutu wako pa ndalama n'kulengeza kuti dziko ndi lako. Julius Caesar ndiye anaswa mwambowo kumayambiriro kwa chaka cha 44 BC, ndipo pa 15 Malichi chaka chomwecho anabayidwa ndi mipeni mpaka kufa. Chomvetsa chisoni n'chakuti Brutus, mmodzi wa omupha, amene ankati akupulumutsa ufulu wa anthu, pofika 42 BC nayenso anadinda ndalama yokhala ndi nkhope yake, kuseri kuli mipeni iwiri ndi tsiku la chiwembucho. Chitseko chinali chitatseguka, ndipo palibe anachitsekanso.

Augustus, mfumu yoyamba, ndiye anakonza dongosolo limene linakhala zaka zoposa 250. Cha m'ma 23 BC analamula kuti sestertius ndi dupondius zizisulidwa ndi mkuwa wachikasu wosakaniza ndi zinki, pomwe as ndi kakhobidi kakang'ono kotchedwa quadrans zizikhala za mkuwa wofiira. Denarius yasiliva imodzi inali ma sestertius 4 kapena ma as 16, ndipo as imodzi inali ma quadrans 4. Pa makobidi amkuwa pankalembedwa zilembo ziwiri zikuluzikulu, SC, kusonyeza kuti bwalo la akuluakulu la Senate lavomereza. Mphamvu zenizeni zinali m'manja mwa mfumu, koma Augustus anali wochenjera: anasiyira akuluakuluwo ulemu wa zilembo ziwiri pa ndalama ya anthu wamba.

Golide ndi siliva zinali za olemera, za malipiro a asilikali ndi za msonkho. Mkuwa ndiwo unkayenda m'misika. Pakhoma la nyumba ina yomwera vinyo mumzinda wa Pompeii, umene unakwiririka ndi phulusa la phiri la Vesuvius m'chaka cha 79, panalembedwa mitengo: vinyo wamba as imodzi, wabwinoko ziwiri, wapamwamba wa Falernum zinayi. Kukasamba m'nyumba zosambira za onse kunali quadrans imodzi. Asilikali amene anagalukira m'chaka cha 14, Augustus atangomwalira, ankadandaula kuti moyo wawo ukugulidwa ndi ma as 10 patsiku, ndipo pa ndalama yomweyo ankadulidwanso za zovala ndi zida. Wolemba mbiri Tacitus ndiye anatisungira dandaulo limeneli.

Pa nthawi imene kunalibe nyuzipepala kapena chithunzi chojambula ndi kamera, khobidi lamkuwa linali wailesi ya boma. Linkafika kumene mfumu sinafikeko, m'manja mwa munthu wosadziwa kuwerenga. Sestertius inali yaikulu, ya mamilimita oposa 30 m'mimba mwake ndi magalamu pafupifupi 25, motero amisiri anali ndi malo okwanira osemapo nkhani yonse. Nero, amene mbiri imamukumbukira ndi nkhanza, ndiye anatulutsa ena mwa makobidi okongola koposa. Pa lina pali doko la Ostia monga momwe mbalame ingalionere ili m'mwamba: makoma opindika mbali zonse ziwiri, zombo zili pakati, ndi mulungu wa madzi atagona m'munsi. Uthenga wake unali woti tirigu wafika, musaope njala. Nkhope ya Nero yemweyo mukaitsata chaka ndi chaka, mumaona mnyamata wowonda akusanduka bambo wa khosi lonenepa. Amisiriwo sankabisa. Ndi mu ulamuliro wake momwe dupondius inayamba kuonetsa mfumu itavala chisoti chosongoka ngati cheza cha dzuwa, kuti anthu aziisiyanitsa ndi as imene inali yofanana nayo kukula.

Titus anaika bwalo la masewero la Colosseum pa sestertius ya m'ma 80, anthu akuoneka timitu tokhatokha m'mipando. Nerva, amene analamulira kuyambira 96 mpaka 98, atachotsa lamulo lokakamiza anthu a ku Italy kupereka ziweto ndi ngolo zonyamulira amithenga a boma, anadinda khobidi loonetsa nyulu ziwiri zomasulidwa zikudya msipu, ngolo ili poteropo. Munthu amene makolo ake anadziwa thangata sangalione khobidi limenelo osakhudzidwa mtima. Koma panalinso ena opweteka. Yerusalemu atawonongedwa m'chaka cha 70, Vespasian anatulutsa makobidi ochuluka oonetsa mayi atakhala pansi pa mtengo wa kanjedza, dzanja lili patsaya, akulira. Mayiyo ankaimira dziko la Yudeya. Ogonjetsedwa ankagula mkate ndi chithunzi cha kugonja kwawo.

Pali khobidi limodzi limene ife a kuno tiyenera kuliyang'anitsitsa. Hadrian, mfumu yokonda maulendo imene inalamulira kuyambira 117 mpaka 138, inadinda ndalama zoonetsa zigawo za ufumu wake. Africa, kutanthauza dera la kumpoto kumene lero kuli Tunisia, anajambulidwa ngati mayi wotsamira pansi, atavala chikopa cha mutu wa njovu, chitamba chili pamphumi, m'dzanja atagwira chinkhanira, kumapazi kwake kuli dengu la tirigu. Zilombo ndi zokolola: umo ndi momwe Roma ankaonera Africa. Patatha zaka 1,800, boma la chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland linaika pa ndalama zake njovu, anyamalikiti, mphalapala ndi nkhwazi, koma munthu wa dziko lino sanaonekepo. Britannia nayenso, mayi wokhala pansi ndi chishango amene anali kuseri kwa peni ya ku England imene inkayenda mu Nyasaland, anayambira pa makobidi a Hadrian yemweyo ngati chigawo chogonjetsedwa. Angelezi anamutolanso mu 1672, mu ulamuliro wa Charles II, n'kumusandutsa chizindikiro cha kunyada kwawo.

Akhristu a ku Mulanje, kaya a CCAP, Katolika kapena mipingo ina, makobidi awa amawadziwa kale ngakhale sanawaonepo. Mpheta ziwiri zotchulidwa m'buku la Mateyu zinkagulidwa ndi as imodzi. Timakobidi tiwiri ta mayi wamasiye m'buku la Maliko tinali tamkuwa, ndipo mlembiyo anafotokozera owerenga ake kuti tonse tiwiri tinkakwana quadrans imodzi. Ndalama imene Yesu anaitanitsa pa nkhani ya msonkho inali denarius yasiliva, ndipo funso lake linali la chithunzi ndi dzina lolembedwapo. Anthu onse omwe anali pamenepo ankadziwa kuti nkhope ya pa ndalama imanena mwini wake wa ulamuliro.

Mmene ndalama inalowera m'mudzi

Kuno kwathu ndalama yachitsulo inabwera mochedwa. Makolo ankasinthana ndi nsalu, mikanda, mchere ndi makasu. Pa Mankhamba, likulu lakale la Amaravi kufupi ndi Mtakataka, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anapeza mikanda yagalasi, zidutswa za mbale zochokera ku China ndi zinthu zamkuwa, umboni wa malonda aakulu opanda mutu wa Kalonga pa chitsulo chilichonse. Kugombe la nyanja yamchere, masultani a ku Kilwa ankadinda makobidi amkuwa okhala ndi mayina awo m'Chiarabu koma opanda nkhope, ndipo limodzi mwa amenewo linapezeka ku Great Zimbabwe.

Chimene chinalowetsa sheleni m'mudzi ndi msonkho. Dziko lino litakhala pansi pa Britain mu 1891, mtsogoleri wa boma la atsamunda Harry Johnston anakhazikitsa msonkho wa nyumba, umene pofika 1894 unali masheleni atatu pachaka. Munthu amene anali ndi nkhokwe yodzaza ndi mbuzi m'khola anapezeka kuti ndi wamlandu chifukwa alibe kachitsulo kokhala ndi mutu wa Victoria. Kuti akapeze, anayenera kukagwira ntchito kwa mzungu. Zaka zomwezo tiyi anayamba kudzalidwa m'tsinde mwa phiri la Mulanje, ku Thornwood ndi ku Lauderdale, ndipo Alomwe ambiri ankawoloka malire kuthawa nkhanza za Apwitikizi n'kudzakhala m'maesiteti, kumene lendi ya malo inkalipidwa ndi thukuta la thangata. Anthu amenewa sanaonepo Victoria, Edward VII kapena George V, koma ndevu za George ankazidziwa bwino. Elizabeth anadzaponda dziko lino mu 1979, ulamuliro wake kuno utatha kale.

Kwa ine apa ndi pamene pagona nkhani. Khobidi laling'ono ndi malo amene boma limakumanirana ndi munthu wosaukitsitsa. Nduna saifika pakhomo pake, nyuzipepala saiwerenga, koma khobidi amaligwira tsiku lililonse. Wolamula aliyense wanzeru amadziwa zimenezi.

Kwame Nkrumah ankazidziwa. Makobidi a Ghana a 1958 anatuluka ndi nkhope yake yoyang'ana chammbali, ndipo mozungulira munalembedwa m'Chilatini, chinenero cha Augustus, kuti iye ndiye woyambitsa dziko la Ghana. Wosema nkhopeyo anali Paul Vincze, mmisiri wobadwira ku Hungary amene ankakhala ku London, ndipo ndi yemweyo amene anasema nkhope ya Dr Hastings Kamuzu Banda pa ndalama zoyamba za Malawi mu 1964. Kuseri kwa sikisi kunali tambala, kwa sheleni kunali chimanga, kwa masheleni awiri njovu ndi mwana wake, ndipo kwa hafukolona kunali chizindikiro cha dziko. Tisapeputse chimwemwe cha tsiku limenelo. Kwa nthawi yoyamba mlimi wa ku Mulanje analandira ndalama yokhala ndi nkhope ya munthu wakuda, ndi chimanga chimene iye mwini amalima.

Mu Febuluwale 1971 kwacha inalowa m'malo mwa paundi, makwacha awiri pa paundi imodzi. Wani tambala ndi thu tambala zinali zamkuwa, zofiirira, ndipo pa wani tambala panali tambala weniweni ataima chilili. Chaka chomwecho Kamuzu anakhala mtsogoleri wamuyaya. Tambala wakuda anali chizindikiro cha Malawi Congress Party, kotero kuti chipani, boma ndi ndalama zinaluka chingwe chimodzi: nkhope ya Ngwazi mbali ino, mbalame ya chipani mbali inayo, ndipo dzina la ndalamayo ndi mfuu ya pamsonkhano. Augustus akanaona akanagwedeza mutu movomereza. Pa referendamu ya pa 14 Juni 1993, amene ankafuna chipani chimodzi ankasankha tambala wakuda, ofuna zipani zambiri ankasankha nyali, ndipo ambiri mwa osankha nyali anapita kukavota ali ndi tambala m'thumba.

Kufufuta nkhope

Aroma analinso ndi njira yolangira mfumu yoipa itafa: ankagwetsa zifanizo zake n'kufufuta dzina lake pamiyala. Caligula ataphedwa m'chaka cha 41, wolemba mbiri Cassius Dio akuti Senate inalamula kuti makobidi amkuwa okhala ndi nkhope yake asungunulidwe. Mpaka lero akatswiri amapeza makobidi amene wina anakanda nkhope ya mfumu ndi mpeni, mkwiyo wa munthu wamba amene dzina lake silinalembedwe paliponse. Nkrumah atagwetsedwa mu 1966, nkhope yake inachoka pa ndalama za Ghana chaka chotsatira.

Ifenso tinadutsa njira yomweyo. Bakili Muluzi atapambana chisankho cha pa 17 Meyi 1994, nkhope yake inalowa pa ndalama zapepala mu 1995 ndi pa makobidi, ndipo tambala anachoka pa wani tambala, m'malo mwake panabwera nsomba. Anthu ambiri sanakondwe kuona mtsogoleri wa demokalase akuchita zomwe ankachita amene anamulowa m'malo. Kuyambira 1997 ndalama zapepala zinayamba kutuluka ndi John Chilembwe, ndipo pambuyo pake makobidi anatenga chizindikiro cha dziko m'malo mwa mutu wa munthu. Ndikuona kuti pamenepo dziko linachita bwino. Linabwerera ku nzeru imene Aroma anali nayo Caesar asanaiswe, yoti pa ndalama pakhale omwalira amene ntchito yawo yayesedwa kale, osati wamoyo amene akufunabe mavoti.

Kwa anthu a boma la Mulanje, nkhope ya Chilembwe ili ndi kulemera kwina. Kuukira kwake kunayamba pa 23 Januwale 1915 ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, ndipo pa 3 Febuluwale anawomberedwa m'dera la Mulanje akulowera ku Mozambique. Atsamunda anamuika m'manda mobisa kuti pasadzakhale malo omukumbukira, ndipo tchalitchi chake anachiphwasula. Anafuna kumufufuta monga Senate inafufutira Caligula. Lero munthu amene analimbana ndi thangata ndiye ali pa K500 ndi K2,000 zimene wothyola tiyi amalandira. Mu 2012 anawonjezeredwa anzake: Inkosi ya Makhosi M'mbelwa II pa K20, Gomani II pa K50, James Sangala pa K100, Rose Chibambo pa K200, ndipo Kamuzu anabwereranso pa K1,000, kenako pa K5,000 ya mu 2022.

Koma nkhope, ngakhale ikhale ya ngwazi yotani, sigula ufa. Aroma anaphunzira zimenezi mowawa. Nero anayamba kuchepetsa siliva wa mu denarius m'chaka cha 64, ndipo amene anabwera pambuyo pake anapitiriza, chifukwa asilikali ankafuna malipiro ndipo nkhokwe ya boma inali yosakwana. Mu 215 Caracalla anatulutsa ndalama yatsopano imene inkawerengedwa ngati madenarius awiri pomwe siliva wake anali wa imodzi ndi theka. Pofika nthawi ya Gallienus, m'ma 260, ndalamayo inali mkuwa wongopakidwa siliva pamwamba, wosakwana magawo 5 pa 100. Sestertius yokongola ija inasiya kusulidwa, chifukwa mkuwa wake unaposa mtengo wolembedwa. Mawu a kuseri kwa ndalama ndiwo ankakomerakomera: mtendere, chigonjetso, kukhulupirika kwa asilikali, pa nthawi imene mafumu ankaphedwa ndi asilikali awo omwe chaka ndi chaka. Diocletian anakonzanso ndalama mu 294, ndipo mu 301 anakhazikitsa lamulo la mitengo ya zinthu zoposa 1,000, chilango cha wokweza mtengo chili imfa. Amalonda anangobisa katundu, ndipo lamulolo linafa lokha. Mu 348 kunatuluka makobidi amkuwa olengeza kuti nthawi zabwino zabwereranso, chithunzi chake chili msilikali akubaya mdani wogwa pa kavalo. Makobidi amenewo anadindidwa ochuluka kwambiri moti lero ndi ena mwa otsika mtengo kwa osonkhanitsa ndalama zakale.

Mayi wogulitsa zinanazi pa Chinakanaka safunika kuuzidwa za Gallienus. Anaona kwacha ikugwa mu Meyi 2012, ikugwanso ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Anaona faifi tambala imene kale inkagula chinthu chooneka ikusanduka washa wokhomera malata. Anaona K5 ndi K10 zikuluzikulu za zitsulo ziwiri za mu 2007 zikulowedwa m'malo ndi timakobidi topepuka mu 2012, tomwenso lero palibe akutifuna. M'mbelwa ndi Gomani akuzimiririka pamsika, ndipo Sangala ndi Chibambo ndiwo akugwira ntchito ya as ndi quadrans. Ndalama zambiri tsopano zikudutsa pa Airtel Money ndi TNM Mpamba, kumene kulibe nkhope ya aliyense, nambala zokhazokha pa foni.

Zimandiwawa kuona makobidi akale akutayidwa kapena kugulitsidwa kwa ogula zitsulo zakutha. Mphekesera zoti peni ya bowo imagulidwa mamiliyoni n'zabodza, chifukwa anadinda zambirimbiri ndipo mtengo wake kwa osonkhanitsa ndi wochepa. Phindu lake lili pena. Zambiri zimene tikudziwa za mafumu ena a Roma tazidziwa kudzera m'makobidi, chifukwa mabuku anawola koma mkuwa unatsala. Mu 2010, pafupi ndi tauni ya Frome ku England, munthu wina anapeza mtsuko wokwiriridwa m'munda muli makobidi 52,503, ndipo mazana angapo anali a Carausius, msilikali amene anadzitcha mfumu ya Britain kuyambira 286 mpaka 293, amene mabuku a adani ake ankamutchula monyoza. Mphunzitsi wa mbiri pasukulu iliyonse ya ku Mulanje akhoza kufotokoza chitaganya, ufulu, chipani chimodzi ndi demokalase ndi makobidi anayi okha ataikidwa patebulo, ana n'kumawagwira ndi manja awo. Amene ali nawo asawakweche ndi mchenga, phulusa kapena sitiliwulu, chifukwa kudera kwa pamwambako ndiko kumateteza mkuwa, ndipo kukachoka zilembo zimafufutika. Ndi bwino kuwasunga pouma, ndi kufunsa akuluakulu adakali moyo kuti peni imodzi inkagula chiyani pa Chitakale kapena pa Luchenza, n'kulemba yankho lawo. Nyumba yosungira zakale ya ku Chichiri mu Blantyre ingapindule kwambiri ndi nkhani zoterezi kuposa ndi chitsulo chokha.

Palinso funso limene Reserve Bank of Malawi iyenera kuliganizira. K100 ndi K200 zimayenda m'manja mwa wogulitsa nsomba, wamakala ndi kondakitala wa minibasi, zimapindidwa pa mfundo ya chitenje, zimanyowa ndi mvula ya ku Mulanje, ndipo pasanapite nthawi nkhope ya Rose Chibambo, mayi yekhayo pa ndalama zathu, imakhala yakuda ndi yong'ambika. Bankiyo imadandaula kawirikawiri za ndalama zimene imawononga posindikiza mapepala ena olowa m'malo mwa othaitha. Ntchito yotere ndi ya chitsulo, osati pepala. Anzathu oyandikana nawo anachitapo kanthu. Mozambique inachotsa maziro atatu pa metical mu 2006, ndipo kungowoloka pa Muloza kulowa ku Milange mupeza makobidi akugulabe zinthu pamsika. Zambia inachitanso chimodzimodzi pa 1 Januwale 2013 n'kubwezeretsa makobidi m'manja mwa anthu, ndipo mu 2025 inasandutsa K2 ndi K5 kukhala zachitsulo. Kukonzanso ndalama pakokha sikuchiza kukwera mitengo kwa zinthu, monga Diocletian anaonera, koma khobidi la K100 kapena K200 silifuna kudikira zimenezo. Lingathe kusulidwa ngakhale chaka chamawa, Sangala ndi Chibambo ali pomwepo, ndipo mayi wa tomato angakhale ndi chenji chobweza.